AUGUSTIN-LOUIS CAUCHY: KATSWIRI WA MASAMU AMENE ANAKANA KULUMBIRA

Pa nsanja yotchuka ya Eiffel mumzinda wa Paris, m'dziko la France, panalembedwa maina 72 a akatswiri a sayansi, masamu ndi zomangamanga amene dzikolo limawanyadira. Limodzi mwa mainawa ndi la Cauchy. Ophunzira masamu m'mayunivesite a dziko lonse lapansi amakumana ndi dzinali kawirikawiri, koma si onse amene amadziwa kuti mwini dzinayo anali mkhristu wa Katolika wolimbikira, amene analolera kutaya ntchito ndi kukhala kunja kwa dziko lake zaka 8 chifukwa chokana lumbiro limene chikumbumtima chake sichinalole. Anali munthu wa nzeru zodabwitsa ndi wachifundo kwa amphawi, komanso anali wouma mutu ndi wovuta kugwira naye ntchito. Okondedwa awerengi, tiyeni tione moyo wake, zokoma ndi zowawa zomwe.

UBWANA WAKE

Augustin-Louis Cauchy anabadwa pa 21 Ogasiti 1789 mumzinda wa Paris. Bambo ake anali a Louis-François Cauchy ndipo mayi ake anali a Marie-Madeleine Desestre. Mwanayu anabadwa dziko litatentha. Pa 14 Julayi chaka chomwecho anthu a mu Paris anali atathyola ndende ya Bastille, ndipo apa ndi pamene panayambira kuwukira kwakukulu kumene kunagwetsa ufumu wa France. Bambo ake, amene anali ndi udindo waukulu ku ofesi ya apolisi mu ulamuliro wa mfumu, ntchito inawathera pomwepo.

Zaka zotsatira zinali zoopsa kwa Mpingo. Boma latsopano linalamula ansembe kuti alumbire kumvera lamulo limene linaika Mpingo pansi pa boma, ndipo Apapa analikana lamulolo. Ansembe amene anakana kulumbira anathamangitsidwa, ena anamangidwa, ena anaphedwa. Mfumu Louis XVI inadulidwa mutu mu Januwale 1793, ndipo matchalitchi ambiri anatsekedwa. Poopa kuphedwa, banja la a Cauchy linathawira ku mudzi wa Arcueil, kunja kwa mzinda, kumene linakhala ndi njala. Kumeneko bambo ankaphunzitsa okha ana awo kuwerenga, kulemba ndi chikhristu. Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Mwana amene anakula akuona kuti lumbiro ndi nkhani ya moyo ndi imfa sanaiwale phunzirolo mpaka kukalamba.

Zinthu zitayamba kuzizira, banjali linabwerera ku Paris. M'chaka cha 1800 bambo ake anapatsidwa udindo wa mlembi wamkulu wa nyumba ya Senate mu ulamuliro wa Napoleon. Kumeneko anadziwana ndi akatswiri awiri a masamu, Laplace ndi Lagrange. Lagrange anaona msanga kuti mnyamatayu ali ndi mutu wa masamu, koma analangiza bambo ake kuti ayambe wazama m'maphunziro a zilankhulo. Choncho m'chaka cha 1802 Augustin analowa sukulu ya École Centrale du Panthéon, kumene anapata mphotho zambiri pa Chilatini ndi maphunziro ena a zolembalemba. Anzanga amene timadandaula ndi Chilatini tidziwe kuti katswiriyu anayambira pomwepo.

KUMANGA DOKO

M'chaka cha 1805, ali ndi zaka 16, analemba mayeso olowera ku École Polytechnique, sukulu yapamwamba ya uinjiniya, ndipo anakhala nambala 2 mwa anyamata 293. Mu 1807 anapita ku sukulu ina yophunzitsa kumanga misewu ndi milatho. M'zaka zomwezi analowa gulu la achinyamata achikatolika lodzipereka kwa Amayi Maria, lotchedwa La Congrégation. Sichinali chinthu chapafupi, popeza ambiri mwa ophunzira anzake ankaseka zachipembedzo.

Mu 1810 anatumizidwa ku Cherbourg, m'mbali mwa nyanja, kumene Napoleon ankamanga doko lalikulu la sitima za nkhondo. Olemba mbiri yake amasimba kuti m'katundu wake munali mabuku anayi: limodzi la Laplace, lina la Lagrange, lina la ndakatulo za Chilatini za Virgil, ndi buku la Thomas à Kempis lonena za kutsanza Khristu. Ankadzuka 4 koloko m'mawa, kugwira ntchito ya padoko tsiku lonse, ndipo nthawi yotsala ankaitha pa masamu. Ali komweko anatumiza ku Paris zolemba zake zoyamba, zonena za zinthu zokhala ndi mbali zafulati ndi ngodya, monga bokosi. Anatsimikiza kuti chinthu chotere, ngati chilibe polowa mkati ndipo mbali zake ndi zolimba, sichingapindike ngakhale mutaika mahinjesi m'mphepete monse.

Ntchito inamukulira ndipo thanzi lake linafooka. Mu Seputembala 1812 anabwerera ku Paris akudwala, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake unachoka pa uinjiniya n'kukhazikika pa masamu.

ZAKA ZA ULEMERERO

Napoleon atagonjetsedwa mu 1815, ufumu wa banja la Bourbon unabwerera. Cauchy anali wokonda ufumuwu ndi mtima wonse, ndipo zinthu zinayamba kumuyendera. Mu 1816 anapata mphotho yaikulu ya bungwe la akatswiri a sayansi la Académie des Sciences chifukwa cha zimene analemba zokhudza mafunde a pamadzi. Chaka chomwecho Mfumu Louis XVIII inachotsa m'bungwelo akatswiri awiri olemekezeka, Gaspard Monge ndi Lazare Carnot, pa zifukwa za ndale, ndipo Cauchy anaikidwamo mwa lamulo la mfumu popanda chisankho. Iye anavomera. Anzake ambiri sanamukhululukire chifukwa chokhala pa mpando wa munthu wochotsedwa mopanda chilungamo, ndipo udani umenewu unamutsata moyo wake wonse.

Mu 1818 anakwatira Aloïse de Bure, wochokera ku banja losindikiza ndi kugulitsa mabuku. Ukwati unadalitsidwa m'tchalitchi cha Saint-Sulpice. Mulungu anawapatsa ana aakazi awiri, wina mu 1819 ndipo wina mu 1823.

Monga mphunzitsi ku École Polytechnique, Cauchy anasintha kachitidwe ka masamu. Akatswiri a m'mbuyomo ankagwiritsa ntchito njira zambiri chifukwa chakuti zinkapereka mayankho ooneka olondola, osafufuza ngati njirazo zimagwira nthawi zonse. Tengani chitsanzo ichi. Mukadya theka la nzimbe, kenaka theka la yotsalayo, kenaka theka la yotsalanso, osalekeza, zonse zimene mwadya zikuyandikira nzimbe imodzi ndipo sizidzapitirira pamenepo. Koma mukaphatikiza 1 ndi 1/2 ndi 1/3 ndi 1/4 osalekeza, yankho limangokulirakulira popanda malire, ngakhale kuti tizidutswato tikunka tichepa. Mitundu iwiriyi imaoneka yofanana, koma wina uli ndi yankho, wina ulibe. M'buku lake la Cours d'analyse la mu 1821, Cauchy anapereka njira zosiyanitsira mitundu iwiriyi, ndipo anaumirira kuti chilichonse chitsimikizidwe sitepe ndi sitepe. Ophunzira ake ankadandaula kuti maphunziro ake ndi ovuta, ndipo akuluakulu a sukulu anamudzudzula kuti akuphunzitsa zozama kwambiri kwa anthu ofuna kukhala mainjiniya. Koma njira yakeyo ndi imene inakhala maziko a masamu a calculus monga amaphunzitsidwira m'mayunivesite.

ACHINYAMATA AWIRI

Mbiri yabwino siibisa chilema. Mu 1826 mnyamata wosauka wa ku Norway, Niels Henrik Abel, mwana wa m'busa, anafika ku Paris ndi zolemba zake zofunika kwambiri. Académie inapereka zolembazo kwa Cauchy ndi Legendre kuti aziwunike. Cauchy, amene anali wotanganidwa ndi ntchito zake, anazisiya pakati pa mapepala ena ndipo sanapereke lipoti. Abel anabwerera kwawo wopanda yankho ndi wopanda ntchito yokhazikika, ndipo anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 6 Epulo 1829 ali ndi zaka 26. Zolembazo zinadzasindikizidwa mu 1841, ndipo zili m'gulu la ntchito zazikulu za masamu a nthawi imeneyo.

Mu 1829 mnyamata wina wa zaka 17, Évariste Galois, anatumizanso zolemba zake, ndipo nazonso zinafikira m'manja mwa Cauchy. Iye anakonza zokazifotokoza pamaso pa Académie mu Januwale 1830, koma anadwala ndipo sanadzaperekenso lipotilo. Galois analembanso ntchito yake n'kuitumiza ku mpikisano, koma mlembi amene anailandira, Joseph Fourier, anamwalira ndipo mapepalawo anasowa. Galois anafa pa 31 Meyi 1832 atawomberedwa pa ndewu ya mfuti, ali ndi zaka 20. Ntchito yake inadzaonekera poyera mu 1846.

Cauchy sanaphe anyamatawa, ndipo sanawabere nzeru zawo. Koma mawu amodzi ochokera kwa munthu wa udindo ngati wake akanatha kutsegulira Abel khomo. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa mfundo iyi katswiriyu anapelewera.

LUMBIRO

Mu Julayi 1830 anthu a mu Paris anawukiranso. Mfumu Charles X inathawa ndipo Louis-Philippe anakhala pa mpando. Boma latsopano linalamula kuti aliyense wogwira ntchito ya boma, aphunzitsi a sukulu zapamwamba omwe, alumbire kukhala wokhulupirika kwa mfumu yatsopano. Cauchy anali atalumbira kale kwa mfumu yakale, ndipo kwa iye lumbiro linali lonjezo loperekedwa pamaso pa Mulungu, losati n'kusinthidwa ngati malaya. Anakana. Pa zaka 41, ali pachimake pa ntchito yake, anataya mipando yake yonse ya uphunzitsi, nachoka m'dziko, kusiya mkazi ndi ana ku Paris.

Anayamba wakhala ku Fribourg m'dziko la Switzerland, kenaka anapita ku Turin ku Italy, kumene mfumu ya kumeneko inamupatsa mpando wa uphunzitsi. Mu 1833 Charles X, amene anali ku Prague, anamuitana kuti akaphunzitse sayansi mdzukulu wake, Henri, mnyamata wa zaka 13 amene otsatira ufumu wakale ankayembekeza kuti adzalowa ufumu. Cauchy anavomera ngati udindo wake. Ntchitoyi inamudyera zaka 5. Mnyamatayo analibe chidwi ndi masamu, ndipo mphunzitsiyo analibe luso lophunzitsa ana. Banja lake linamutsatira mu 1834, patapita zaka 4 ali wosiyana nalo. Malipiro amene anatuluka nawo ndi dzina laulemu la Baron.

Anabwerera ku Paris mu 1838. Ku Académie analandiridwa chifukwa kumeneko sankafunsa lumbiro, koma kuphunzitsa m'sukulu za boma sanaloledwe. Mu 1839 anasankhidwa kulowa bungwe la zakuthambo la Bureau des Longitudes, koma poti anakananso kulumbira, mfumu sinavomereze chisankhocho ndipo sankalandira malipiro. Mu 1843 mpando wa masamu ku Collège de France unapatsidwa kwa Guglielmo Libri, amene nzeru zake sizinkafika pa za Cauchy, makamaka chifukwa Cauchy ankadziwika kuti ndi bwenzi la Ayezuiti pa nthawi imene iwo ankadedwa. Libri yemweyo anathawira ku London mu 1848 atamveka kuti ankaba mabuku amtengo wapatali m'malaibulale a boma.

Mu 1848 Louis-Philippe naye anagwetsedwa, lumbiro linathetsedwa, ndipo mu 1849 Cauchy anayambiranso kuphunzitsa ku yunivesite ya Paris, patatha zaka zoposa 18. Pamene Napoleon III anabwezeretsa lumbiro mu 1852, Cauchy anali wokonzeka kuchokanso, koma boma linamulola kupitiriza ntchito osalumbira.

MASAMU A KUSINTHANA MALO

Mwa ntchito zake zambirimbiri, pali imodzi imene tingathe kuimvetsa ngakhale ife a ku sekondale. Anailemba koyamba mu 1815, ndipo anaibwereranso pakati pa 1844 ndi 1846, nthawi imene anali woletsedwa kuphunzitsa.

Tiyerekeze kuti anyamata atatu, Petro, Yohane ndi Andrea, akhala pa benchi imodzi. Pali njira 6 zowasinthira malo. Yoyamba ndi kuwasiya momwe alili. Njira zitatu ndi zosinthanitsa awiri, wachitatu osasuntha. Njira ziwiri zotsala ndi zosendeza onse mozungulira, kulowera kumanja kapena kumanzere. Cauchy anasiya kuyang'ana anthu okhala pa benchi, nayamba kuyang'ana masinthidwewo ngati zinthu zoima pazokha, zimene zingaphatikizidwe monga manambala. Mukachita kusintha kumodzi kenaka kwina, zotsatira zake ndi chimodzi mwa zomwe zija 6. Kusintha kulikonse kuli ndi kunzake kobwezera zinthu pakale. Masinthidwe otere akakhala pamodzi amatchedwa gulu, pa Chingerezi group.

Chodabwitsa n'chakuti pano dongosolo ndi lofunika. Pa manambala, 2 x 3 ndi chimodzimodzi 3 x 2. Koma sinthanitsani wa pa mpando woyamba ndi wachiwiri, kenaka wachiwiri ndi wachitatu: mupeza Yohane, Andrea, Petro. Bwererani poyamba, muyambe ndi wachiwiri ndi wachitatu, kenaka woyamba ndi wachiwiri: mupeza Andrea, Petro, Yohane. Mayankho asiyana.

Mu 1845 Cauchy anafalitsa lamulo limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake. Nambala yosagawika ndi imene ingagawidwe ndi 1 ndi iyo yokha basi, monga 2, 3, 5 ndi 7. Lamulolo likuti, ngati nambala yosagawika ilowa ndendende m'chiwerengero cha masinthidwe a gulu, ndiye kuti m'gulumo muli kusintha kumene mukakubwereza kokwana nambala imeneyo zinthu zimabwerera pakale. Pa benchi yathu, 2 ndi 3 zimalowa mu 6. Sinthanitsani anyamata awiri kawiri, abwerera pakale. Asendezeni mozungulira katatu, abwereranso pakale. Koma 6, imene ndi yogawika, ilibe lonjezo lotere: palibe kusintha kumene kumafuna maulendo 6 kuti kubwerere. Pa anthu atatu tingathe kuyesa ndi manja. Koma osewera mpira 11 angaime pamzere m'njira 39,916,800, ndipo lamulo la Cauchy limatiuza zoona za gulu limenelo popanda kuyesa ngakhale kamodzi.

MBEWU IMENE INAMERA IYE ATAPITA

Zimene Cauchy ndi Galois anafesa, ena anadzazilimira. Mu 1870 Camille Jordan analemba buku lalikulu la masinthidwewa, ndipo mu 1872 Ludwig Sylow wa ku Norway anakulitsa lamulo la Cauchy lija. Kenaka mu 1896 Georg Frobenius wa ku Berlin anatsegula njira yatsopano yophunzirira magulu. M'njira imeneyi kusintha kulikonse kumalembedwa ngati bokosi la manambala oikidwa m'mizere, lotchedwa matrix, ndipo gulu lonse limakhala ndi chithunzi chake cha manambala, chimene akatswiri amati representation. Mu 1899 Heinrich Maschke anatsimikiza kuti chithunzi chotere chimatha kuphwanyidwa m'zidutswa zing'onozing'ono zosaphwanyikanso, monga momwe 12 amaphwanyikira kukhala 2 x 2 x 3.

Tibwerere ku benchi kuti tione kuphwanyaku. Tinene kuti Petro ali ndi mango 4, Yohane 5, Andrea 9. Onse pamodzi ndi 18, ndipo atagawana mofanana aliyense akanakhala ndi 6. Tsono manambala atatuwa tingawaone ngati zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndi 6 wa aliyense uja, amene sasintha ngakhale anyamatawo asinthane malo motani. Chigawo chachiwiri ndi kusiyana kwake: Petro akupelewera 2, Yohane akupelewera 1, Andrea waposa ndi 3. Akasinthana malo, manambala awa amasinthana okhaokha, ndipo zopelewera ndi zoposa zimathetsana nthawi zonse, kotero kuti mukadziwa awiri, wachitatu mwamudziwa kale. Choncho chithunzi cha manambala 3 chaphwanyika kukhala chidutswa cha 1 ndi chidutswa cha 2, ndipo zidutswazi sizisakanikirana. Gulu la benchi lili ndi zidutswa zosaphwanyika za mitundu itatu yokha, za kukula 1, 1 ndi 2. Chulukitsani iliyonse ndi iyo yomwe, muphatikize: 1 ndi 1 ndi 4 akwana 6, chiwerengero cha gulu lija. Frobenius anaonetsa kuti zimenezi zimachitika pa gulu lililonse lokhala ndi malire.

Magulu ena ndi aakulu moti munthu sangawaphwanye ndi pensulo. Lilipo lina lotchedwa Monster, limene chithunzi chake chaching'ono kwambiri chimafuna mabokosi a mizere 196,883. Apa ndi pamene kompyuta inalowerera. Mu 1984 Richard Parker wa ku England anafalitsa njira yotchedwa MeatAxe, kutanthauza chikwanje chodulira nyama. Kompyuta imasakaniza mabokosi a gulu mwachisawawa, n'kufunafuna mzere wa manambala umene bokosi losakanizalo limausandutsa ziro. Ikaupeza, imaupititsa m'masinthidwe a gululo mobwerezabwereza. Ngati zotuluka zonse zikungozungulira m'chigawo chimodzi, monga mbuzi yomangidwa pachikhomo, ndiye kuti yapeza mfundo yodulira, ndipo imadula pomwepo n'kuyambanso pa chidutswa chilichonse. Mu 1994 Derek Holt ndi Sarah Rees anaikonza njirayi pogwiritsa ntchito chida chotchedwa characteristic polynomial, ndipo dzina la chidachi linachokera kwa Cauchy yemwe. Njira zoterezi zili mu pulogalamu yaulere ya GAP, imene inayambira ku Aachen m'dziko la Germany mu 1986. Akatswiri a chemistry ndi physics amagwiritsa ntchito kuphwanya kotereku pofuna kudziwa momwe tizigawo ta zinthu timanjenjemerera ndi momwe miyala ya kristalo inapangidwira.

BWENZI LA AMPHAWI

Cauchy sanali wa m'mabuku mokha. Anali membala wa bungwe la Vincent de Paul Woyera, limene Frédéric Ozanam ndi ophunzira anzake anayambitsa ku Paris mu 1833, ndipo ankayendera amphawi m'nyumba zawo. Anathandizanso bungwe la Francis Regis Woyera, limene linkathandiza mabanja osauka kukonza maukwati awo. Mu 1844 analemba timabuku toteteza Ayezuiti ndi zipani zina za mu Mpingo. Njala yaikulu itagwa ku Ireland kuyambira 1845, analimbikira kupempha chithandizo cha anthu a kumeneko. Mu 1856 anali m'modzi mwa oyambitsa bungwe la Œuvre des Écoles d'Orient lothandiza sukulu za akhristu a maiko a Kuvuma, limene likugwirabe ntchito pa dzina la Œuvre d'Orient. Chaka chomwecho katswiri wachinyamata Charles Hermite anadwala nthomba, ndipo ubwenzi wa Cauchy unamuthandiza kubwerera ku masakramenti, nakhala mkatolika wolimba mpaka imfa yake.

N'zoona kuti changu chake nthawi zina chinkapitirira muyeso. Ankalowetsa nkhani za chipembedzo ngakhale pa misonkhano ya sayansi, ankafulumira kukangana ndi anzake pa nkhani yakuti anayamba kutulukira chinthu ndani, ndipo ena anadana ndi Mpingo chifukwa cha kuuma kwake. Komabe ngakhale adani ake sanamunene kuti ndi wachiphamaso.

IMFA YAKE

Mu Meyi 1857 anadwala chifuwa ndipo anapita kukapuma ku nyumba yake ya ku Sceaux, kufupi ndi Paris. Matenda anakula mofulumira. Analandira masakramenti otsiriza, ndipo anamwalira m'bandakucha wa pa 23 Meyi 1857, ali ndi zaka 67. Anaikidwa m'manda ku Sceaux komweko. Anasiya zolemba pafupifupi 800, zimene zitasonkhanitsidwa zinadzaza mabuku akuluakulu 27.

TIPHUNZIREPO CHIYANI?

Cauchy si woyera wolembedwa m'buku la Mpingo, ndipo pa ndale anakakamira ufumu umene sunabwererenso. Tingathe kunena kuti mfumu imene anaivutikira sinali yoyenera nsembe yotere. Koma funso limene moyo wake ukutifunsa silikhudza mafumu a ku France. Likukhudza mtengo wa mawu a munthu. Makolo athu analonjeza pa guwa tsiku la ukwati wawo. Abambo amene akutiphunzitsa analonjeza m'manja mwa Ambuye Episkopi tsiku la kudzozedwa kwawo. Ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzagwada pamalo omwewo. Lonjezo limaoneka lopepuka tsiku lolipereka, koma kulemera kwake kumadziwika pamene kulisunga kwayamba kutidyera ntchito, ulemu kapena mtendere. Cauchy analipira zaka 18 za uphunzitsi wake.

Chachiwiri, iye sanaone kuti masamu ndi mdani wa chikhulupiriro. Munthu yemweyo amene ankakana kuvomera yankho lopanda umboni ndi amene ankagwada pa Misa. Mseminale amene amanyozera masamu ndi sayansi poganiza kuti wansembe sazifuna akudzimana yekha, ndipo adzamananso akhristu amene adzabwere kwa iye ndi mafunso ovuta.

Chachitatu ndi chenjezo, ndipo likupita kwa aliyense amene ali ndi wina pansi pake, kaya ndi mphunzitsi, kholo, kapena wa Fomu 4 amene wa Fomu 1 wamupempha kuti amuthandize samu. Cauchy ankakwera masitepe a nyumba za amphawi a mu Paris kukawapatsa chithandizo, koma mmphawi wina anali pa tebulo lake lomwe, m'mapepala a Abel, ndipo sanamuone. Tisanapite kutali kukafuna woti timuchitire chifundo, tiyambe tayang'ana amene akudikira yankho lathu.